Fyuluta, bolopeni ndi msoti wa Tadala

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa, koma poti ku Chilobwe ngakhale ogulitsa tomato akuidziwa, kuli bwino muimve kwa mwiniwakene. Ena ayamba kuthira mchere, akuti ndinafika pa chinkhoswe nditaledzera. Ine mowa sindimwa. Chimene ndinamwa tsiku limenelo ndi petulo, ndipo sindinamwe mwakufuna kwanga.

Ndili ndi galimoto yakale imene anandisiyira malemu bambo anga. Ndi ya kabuleta, zija zoti m'mawa uyambe wapopa phazi katatu n'kukoka kabatani kotchedwa choko, ndiye ivomere kulira. Mtundu wake unali wobiriwira (akunyumba amati tsopano ikufanana ndi madzi a mu mtsinje wa Mudi). Anthu amandiseka nayo koma ine ndimaikonda. Amene amaidziwa bwino kuposa ine ndi a Zuze, makaniko wachikulire wa ku Manja amene makolo awo anachokera ku Mozambiki. Anayamba kuigwira bambo anga ali moyo, ndipo akamva kulira kwake amadziwiratu pamene pakudwala.

Tsono achemwali anga ali ndi mwana wamkazi, Tadala. Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anakulira kwathu ku Kanjedza, ndipo kusukulu ndinkamuperekeza pa galimoto yomweyi. Atapezeka mnyamata womufuna, panalibe zokambirana kuti nkhoswe akhala ndani. Ndinali ine. Mukudziwa mmene zimakhalira: nkhoswe yakuchikazi imapereka msoti n'kulandira tambala, kenako ankhoswe a mbali zonse amang'ambirana nkhuku yootcha n'kudya pamaso pa anthu. Amene wadya nkhuku ija ndiye wasenza banjalo mpaka kalekale. Mpando umenewo ndinkaufuna ndi mtima wonse, ndipo msoti ndinasankha ndekha, wamawangamawanga, wonenepa bwino. Mng'ono wanga Mada anandifunsa ngati pali chimene angathandize, ine n'kumuuza kuti akathandize kuyala mipando. Mada ndi munthu wa bawo ndi nthabwala, ndipo sindinkamuwerengera pa nkhani za akuluakulu.

Mlungu wa chinkhoswe petulo anasowa mu Blantyre, monga amachitira akafuna kutikumbutsa kuti miyendo tili nayo. Galimoto nayo inayamba kutsokomola pa zitunda. Lachitatu ndinapita nayo kwa a Zuze. Anatsegula boneti n'kuloza kabotolo kapulasitiki kamene kali pa paipi yochokera ku thanki kupita ku kabuleta. Kanali kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

"Fyuluta iyi yatopa, bambo," anatero. "Kaguleni ina ku Limbe mubwere ndikuikireni. Isanasinthidwe musayende nayo ulendo wofunika."

Ndinavomera bwinobwino. Lachinayi ndinatanganidwa ndi suti. Lachisanu ndinafika ku Limbe dzuwa lili paliwombo, n'kupeza sitolo ya amwenye ogulitsa zipangizo za galimoto ili yotseka, eni ake apita ku mzikiti. (Ndinabadwira mu mzinda uno, tsitsi layamba kuyera, koma zoti Lachisanu masana sitolo zimenezi zimatsekedwa ndinaziiwala ngati mlendo wochokera kutali.) Mlonda anati ndidikire, atsegula 2 koloko. Ndili chiimire pakhondepo ndinamva anthu akuuzana kuti thanka ya mafuta yafika pa filing'i sitesheni ina. Ndinati ndithamangire petulo kaye, fyuluta ndidzaipeza pobwerera. Pamzere ndinakhala mpaka dzuwa kupendeka, ndipo patangotsala galimoto zinayi kuti ndifike, wothira mafuta anakweza manja kuti atha. Pobwerera ku sitolo ndinapeza atsekanso, ulendo uno aweruka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndinapita kunyumba wopanda fyuluta, ndi chigubu cha petulo wogula kwa anthu a m'mbali mwa msewu.

Loweruka, tsiku la chinkhoswe, akunyumba analawirira ku Chilobwe, kumene kunali mwambowo, kukathandiza kuphika. Potuluka anandiuza kuti ndikwere minibasi, msoti ndiunyamule m'manja ngati anthu ena onse. Ndinati ndamva. Koma ine ndinali nditaona kale chithunzi m'mutu mwanga: malume akutsika m'galimoto, amayi akululutira, ndipo mwambo ukatha Tadala akukwera kutsogolo ngati kale.

Apa m'pamene nzeru zinandifikira. Ndinaganiza kuti ngati chotsekereza mafuta ndi fyuluta, bwanji osangoichotsa? Ntchito yake ndi kusefa basi, ndipo kusefa ndikhoza kusefa ndekha. Ndinaizula. Mapaipi awiri otsalawo ndinawalumikiza ndi chikhungwa cha bolopeni, nditachotsamo inki yake, n'kumanga ndi waya uku ndi uku. Petulo ndinamusefera pa kansalu koyera kamene ndinakapeza pa chingwe choyanikira. (Kanali duku la akunyumba la kumvano. Nkhani ya dukulo ndi ina, ndipo sinathe mpaka lero.) Pansalupo panatsala tizinyalala tambiri ndithu, ine n'kumadzitama kuti a Zuze akanandiona akanandilemba ntchito.

Petulo wotsala m'chigubu ndinamuika m'buti. Chotsekera chake chinali chitasowa, ndiye ndinatseka ndi pepala la pulasitiki ndi mphira. Msoti nawo ndinaumanga miyendo n'kuuika m'buti momwemo, poopa kuti ungandiipitsire mipando imene ndinaitsuka dzulo lake.

Chinkhoswe chinali cha 1 koloko. Ndinanyamuka 12, suti ili phiphiphi, ndipo galimoto inayenda mmene sinayendere zaka zambiri. Ndinafika poimba nyimbo ya kutchalitchi. Nditangoyamba chitunda cha ku Manja inatsokomola kamodzi. Ndinaponda moto, inanjenjemera, n'kudumphadumpha ngati mbuzi yokana chingwe, kenako zii. Ndinakoka handibuleki n'kukhala kaye phee, ndikuyembekezera kuti mwina isintha maganizo.

Mu Blantyre ukatsegula boneti sukhala wekha. Pasanathe mphindi zisanu ndinali ndi amakaniko asanu ndi mmodzi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi sipanala. Wina anati ndi mapulagi, tinamasula onse anayi n'kuwapala ndi msomali. Wina anati ndi batire, anagogoda mitu yake ndi mwala. Anandikankha chobwerera m'mbuyo kuti ndiilize ndi giya, tinangotsika chitunda chonse chimene ndinali nditakwera. Bambo wina wovala ovolosi (pambuyo pake ndinamva kuti ndi wopenta nyumba) anathira petulo pang'ono kukamwa kwa kabuleta, injini inalira mokoma, anthu n'kuwomba m'manja, ndipo tisanamalize kuwombako inazimanso.

Foni inali ikulira m'thumba. Anali achemwali. Ndinawauza bodza limene tonse timanena, loti ndili pafupi. Anati ngati ndi galimoto ndiisiye, ndikwere kabaza ndi msotiwo, anthu akhala kale pansi. Ndinati ndi kavuto kakang'ono, mphindi khumi zokha. Kunena zoona kabaza analipo ambirimbiri, ena ataima pomwepo kuonerera. Koma ndinkaopa kupeza galimoto ilibe batire, komanso sindinkafuna kuti Mada andione ndikutsika pa njinga yamoto, suti ili fumbi lokhalokha, nkhuku ili kukhwapa. Kwa a Zuze kunali kongodutsa mizere iwiri ya nyumba, koma ndikanawayang'ana ndi nkhope iti?

Wa ovolosi uja anati paipi yalowa mpweya, pafunika kuyamwa. Onse anavomereza, ndipo onse anayang'ana ine. Ndinazula paipi, ndinawerama, tayi ili lendelende, n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse. Poyamba sikunabwere kanthu. Nditakokanso kachiwiri zinabwera zonse pamodzi, petulo wodzaza m'kamwa, wosakanikirana ndi tinthu tolumika ngati mchenga. Wina ndinameza, wina anatulukira m'mphuno, wotsala anathera pa malaya oyera ndi pa tayi. Amati tsoka silinunkha, koma langa linkamveka mpaka tsidya la msewu.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa chinangwa chophika. Anandipatsa madzi otsukira m'kamwa, anayang'anitsitsa galimoto, n'kunena kuti iyi amaiona kawirikawiri kwa a Zuze. Sanandifunse n'komwe, anangovundikira beseni lake n'kupita kukawaitana.

A Zuze anabwera pang'onopang'ono, kachikwama kazitsulo kali m'manja. Amakaniko anga asanu ndi mmodzi aja anasungunuka. A Zuzewo anasuzumira mu injini, maso awo n'kuima pamene panali fyuluta. Anayang'anitsitsa bolopeni ija moti ndinalakalaka akanangondikalipira.

"Bolopeniyi ikulemba chiyani muno, bambo?"

Ndinafotokoza nzeru zanga zonse, za kusefa pa nsalu ndi tizinyalala timene ndinagwira. Anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu ngati munthu amene akumva uthenga wa maliro.

"Mwasefa bwino," anatero. "Koma mwaika mlonda pageti pamene wakuba amagona m'nyumba. Thanki iyi ili ndi dzimbiri la nthawi ya bambo anu. Zaka zonsezi amaligwira ndi kabotolo kamene mwatayako."

Anamasula kabuleta pomwepo, n'kuyala zitsulo zake pa katoni. Pansi pa kambale kamene mumakhala petulo panali matope ofiirira ngati masamba a tiyi otsalira m'kapu. Anandionetsa jeti, kachitsulo kokhala ndi bowo laling'ono ngati la singano, kamene petulo yense amadutsamo. Bowolo linali litatsekeka. Anatsuka, anauzira ndi pakamwa, anayang'ana kudzuwa, anauziranso. Ndinawapempha kuti afulumire, iwo anati kufulumira n'kumene kwandifikitsa pamenepa. M'chikwama mwawo anatulutsa fyuluta yakale ya galimoto ina n'kuiika, ndipo bolopeni anandibwezera m'manja ngati chinthu chamtengo wapatali. Nthawi imeneyi foni inali itasiya kulira, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kulira kuja.

Ku Chilobwe ndinafika 3 koloko itadutsa kale. Nthungululu ndinazimvera kutali. Akunyumba anandichingamira pageti, anayandikira, n'kubwerera m'mbuyo atagwira mphuno. Sanafunse kanthu koma msoti. Nditatsegula buti, fungo linatuluka ngati la pa filing'i sitesheni. Pepala lija linali litachoka pa chigubu ndi kudumphadumpha kuja, ndipo msoti unali gone chammbali, maso tsinzinu, khosi lili lobodoka. Amayi a kukhitchini anautenga, wina akuuthira madzi, wina akuukupiza ndi lichero. Agogo ena anauza bambo amene ankasuta fodya chapafupi kuti asunthe, angayatse malume.

Ndinalowa mu tenti. Pa mpando wanga panali Mada, atavala jekete lobwereka limene manja ake ankalekeza m'zigongono, milomo ili noninoni, fupa la nkhuku lili m'mbale patsogolo pake. Tambala wa akuchimuna anali pamapazi ake. Msoti anali atapereka wa aneba, wakuda, wowonda. Mkulu wina wakuchimuna anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kufunsa mnzake, mokweza ndithu, ngati awa ndi adalaiva. Achemwali anga anangoyang'ana kumbali.

Ndinakhala kumbuyo, ndipo mipando iwiri ya pafupi nane inakhala yopanda anthu mpaka mwambo kutha. Anthu akubalalika, Tadala anabwera ndi chitenje chake chatsopano n'kugwada pafupi nane. Fungo lija sanalithawe.

"Amalume, ndinawapempha kuti akudikireni," anatero motsitsa mawu. "Anadikira maola awiri. Koma akuchimuna ena amabwerera ku Thyolo."

Ndinafuna kumugwira dzanja, koma manja anga anali bii ndi girisi. Ndinangoti wachita bwino mwanangu. Zinandipweteka kwambiri, ndipo zimandipwetekabe, chifukwa mwana amene ndinamulera anandidikira, ine ndili pa Manja kuyamwa paipi pofuna kuti anthu andione ndikutsika m'galimoto.

Msoti uja unatsitsimuka madzulo, n'kumayenda mopepesuka ngati wochokera ku shabini. Unabwerera ku Kanjedza pa minibasi, pamiyendo pa akunyumba, amene anakana kukwera nane. Ulipo mpaka lero, ukuikira mazira, ndipo ukangomva buti ikutsegulidwa umathawira kuseri kwa nyumba. Mada naye unkhoswe akuuyendetsa bwino. Ndinkayembekezera kuti alephera abwere adzandifunse nzeru, koma sanabwere, ndipo ndikumva kuti apongozi amamulemekeza kwambiri.

Mwezi watha Tadala anabereka mwana wamwamuna. Anandiimbira yekha foni kunena kuti iye ndi mwamuna wake agwirizana kuti dzina ndikatche ine, Loweruka likudzali. Ndinavomera nthawi yomweyo. Tisanadule anawonjezera kuti, "Koma amalume, chonde, minibasi."

Ndinayankha kuti chabwino. Dzulo, Lachinayi, ndinapita ku Limbe m'mawa sitolo zili zotsegula n'kugula mafyuluta awiri, ndipo a Zuze aika imodzi ndi manja awo. Akunyumba aona zimenezi ndipo abisa makiyi a galimoto. Sakudziwa kuti malemu bambo anandisiyira makiyi awiri.