Chimanga Chimene Chinandilanda Ntchito

Mpaka lero ndikamva fungo la chimanga chowotcha mtima umandiwawa, ndipo wondikwiyitsa si wina ayi, ndine ndemwe.

Matipate itangoyamba, ku Liwaladzi kunabwera Mayi Pilar a ku Sipeyini kudzayambitsa sukulu ya kwacha. Ankafuna womasulira mmodzi. Ofuna ntchitoyo tinali awiri: ine wa Fomu 4, ndi Bwanali amene anathawa Sitandade 8 (munthu wolemba dzina lake lilime lili panja). Ine ndinaloweza ngakhale mawu a Chisipanishi amene mayiwo ankawakonda, akuti educar, ndipo ndinkauza aliyense kuti ndiye kuphunzitsa.

Tsiku londiyesa ine ndi mayiwo tinapita kukhonde la mzikiti kukapempha madoda kuti alole akazi awo kuphunzira. Unali mwezi wa Ramadhani. Ndinkadziwa bwino, ndinakulira pomwepo, koma mutu unali utadzaza ufulu. Panjira ndinagula chimanga chowotcha. Ndinakwera pamkeka ndi nsapato, n'kuyamba kumasulira chiimirire, ndikukukuta pamaso pa anthu amene sanalawe ngakhale madzi kuyambira m'mawa.

Mkulu wina, a Selemani, anandifunsa mofatsa: "Mwanawe, makolo uli nawo?"

"Ndili ndi satifiketi, bambo. Masiku ano ndi demokalase."

(Pakamwa panga inu, bwenzi ndikanapasoka.)

Madodawo anavala nsapato zawo mmodzimmodzi n'kumapita. Tinatsala awiri, ine chitsononkho kumanja.

Mayi Pilar ananditembenukira mwaukali. "Educar kwathu sikuthera pa choko ndi bolodi," anatero m'Chingerezi chawo chothyokathyoka. "Ndi kulera. Amayamba ndi makolo, mphunzitsi amangopitiriza. Munthu wochita ngati iwe timamutcha maleducado, wosaleredwa bwino, kaya akhale ndi madigiri thumba lonse."

Ntchito anapatsa Bwanali. Iye atapita kumzikitiko anavula nsapato, anagwada, ndipo sabata yotsatira amayi anadzaza kalasi.

Ndinafika kunyumba ndikutukwana mzungu, Bwanali ndi wogulitsa chimanga yemwe. Mopusa, ndinafotokozera amayi anga zonse, ndi tanthauzo la mawu aja lomwe, poganiza kuti andimvera chisoni. Anasiya kupeta mpunga.

"Wati amayamba ndi makolo?"

"Eya, amayi."

"Ndiye kuti wolephera mayeso kumzikitiko ndine."

Anatenga chitenje chawo n'kupita kukapepesa kwa a Selemani, wapansi, mvula ikugwa. Ine sanandilankhule sabata yathunthu.