Tsiku limene ndinalondera madala ali m'tulo

Ntchito ija ndikadali nayo, ndiyambe ndanena zimenezo. Koma Lachinayi la sabata yanga yoyamba ndinatsala pang'ono kuitaya, ndipo chimene chinandilakwitsa si ulesi kapena kuba. Ndi tivi.

Kwathu ku Tsholofelo, mumzinda wa Gaborone, m'chipinda chimene timachita lendi, bambo a Chisomo ali ndi filimu yawo ya magawomagawo. Ndi ya anthu oyenda m'chombo kupita kumaiko a kunyenyezi. Chingerezi chake n'chothamanga, ndiye iwo amatimasulira ine ndi mwana (sukulu analekezera Fomu 2, koma akayamba kumasulira simungawatsutse). M'filimumo muli amuna ometa mpala, ovala nsalu zachikasu, a chipembedzo cha Chibuda. Akakhala pansi n'kupinda miyendo n'kutseka maso, mzimu wawo umapita kudziko lina, thupi n'kutsala pamkeka. Lamulo lake n'limodzi: osawakhudza. Gawo lina msilikali anagwedeza mmodzi paphewa, mzimu uja unasochera, munthuyo n'kutsala ngati chitsa mpaka filimu kutha.

"Izi n'zenizeni, amake Chisomo," ankatero bambowo. "Sangangopeka za chipembedzo cha anthu n'kuziika pa tivi."

Ine ndinazisunga.

Kenako ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Gaborone North, kwa madamu a ku Sri Lanka. Iwo amagwira ntchito m'tauni. Yanga inali kukonza m'nyumba ndi kuyang'anira bambo awo, madala okalamba ndithu, a ng'ala m'maso onse awiri. Anandipatsa sabata imodzi yondiyesa. M'nyumbamo muli kachipinda ka chifanizo cha Buda, maluwa, timbale ta madzi ndi kabelu. Nditangoona, mumtima ndinati izi ndimazidziwa kale. Sindinafunse kanthu.

Lachinayi m'mawa madamu anandiuza ali pakhomo, makiyi kumanja.

"Teni koloko takisi ibwera kudzatenga bambo. Akupita kwa dokotala wa maso, tsikuli talidikira miyezi iwiri. Uwakonzekeretse, ine ndikakumana nawo kuchipatala komweko."

Ndinavomera. Ndinasita malaya, ndinapukuta nsapato. Hafu naini ndinapita kukawaitana, ndipo ndinawapeza m'kachipinda kaja, pa khushoni, msana kukhoma, miyendo yopinda, manja pamiyendo, maso otseka. Ndendende ngati m'filimu.

Ndinabwerera chafutambuyo. Ndinavula masilipasi kuti asamveke. Ndinathimitsa makina ochapira zovala zili m'kati. Galu ndinakamutsekera kugalaja. Kenako ndinatenga mpando n'kukhala pakhomo pa kachipindako, malaya osita ali pamwendo, kudikira kuti mzimu ubwerere. Kudikira sikundivuta ine, ndili ndi mwana amene nsapato imodzi amavala theka la ola.

Teni koloko hutala inalira pageti. Ndinathamanga wopanda nsapato.

"Dumela Mma," anandipatsa moni dalaivala, bambo wina wa Chitswana wonenepa.

"Dumela Rra. Chonde hutalayo ayi."

"Madala ali kuti?"

"Akupemphera."

"Auzeni anene ameni, ndili ndi anthu ena ku Gabane."

Ndinamupempha adikire, anadikira. Patapita nthawi anatsika, anazungulira nyumba n'kusuzumira pawindo.

"Mma, munthuyu ali m'tulo."

"Si tulo, ndi mwambo wawo. Inu simuudziwa."

"Mwambo umenewu ndimaudziwa, inenso ndimauchita ndikakhuta. Ndilowe ndiwadzutse?"

Ndinaima pakhomo, manja otambasula. Ine mayi wamfupi, iye bambo wodzaza chitseko. Anandiyang'ana, anapukusa mutu, analowa m'galimoto n'kumapita.

Apa mantha anandigwira, pakuti nthawi inali itapita ndipo madala anali atayamba kutulutsa kaphokoso kapakhosi. Ndinaimbira foni bambo a Chisomo, amene anali akugona ataweruka kuulonda.

"Akuchita ngati akuliza mkonono," ndinanong'ona.

"Kupuma kwa paulendo kumeneko. Usawakhudze, ungaphe munthu m'dziko la eni. Waiwala? M'filimu muja anamuitana ndi belu katatu."

Ndinalowa chokwawa, ndinatenga kabelu kaja, ndinaliza katatu. Zii. Ndinalizanso katatu. Ndinaganiza kuti mwina kumene apitako n'kutali, belulo n'laling'ono, ndiye ndinakatenga chivundikiro cha poto ndi supuni. Ndinamenya katatu, mwaulemu, ndili chogwada (timakina tawo tothandiza kumva tinali pa sosala pambali pawo, ndinationa bwinobwino, koma mutu wanga unali kunyenyezi).

Leveni koloko foni inalira. Madamu.

"Ali kuti bambo? Dokotala waitana dzina lawo kawiri."

"Ali kuno, madamu, koma mzimu wawo sunabwerere. Sindinawakhudze."



"Akupuma?"

"Kwambiri."

Foni inadulidwa. Sipanapite nthawi yaitali galimoto inalowa pageti mothamanga. Madamu anandidutsa, anaponda chivundikiro chija, anagwada n'kugwedeza bambo awo ndi manja onse awiri. Ine ndinatseka maso.

Nditatsegula, madala anali akuyasamula. Anapapasa pa sosala, anaika timakina m'makutu, n'kufunsa ngati tiyi wapsa.

Madamu sanakalipe. Anandikhazika kukhitchini n'kunena kuti ndifotokoze kuyambira pachiyambi. Ndi Chingerezi changa cha m'khitchini ndinafotokoza zonse: chombo, amuna ometa mpala, msilikali, munthu wosanduka chitsa. Ndikamalankhula ndinkadzimva ndekha mmene zinkamvekera. Madala anali atakhala pampando ndi tiyi wawo, ndipo mwana wawo ankawamasulira m'chinenero chawo. Titafika pa chivundikiro cha poto anaika kapu pansi kuti asadzitayire.

"Mwana wanga," anatero atatha kuseka, "ndakhala pa khushoni imeneyo kuyambira ndili mnyamata, mzimu wanga sunafikepo ngakhale pageti. Ife timakhala chete kuti maganizo asiye kuyendayenda. Ndiye ine ndakalamba, ndikakhala chete tulo timabwera."

Madamu sanaseke nawo. Anaimbira kuchipatala ine ndikumva, ndipo tsiku lina linapezeka patsogolo, mwezi ndi theka. Mwezi ndi theka wina madala akupapasa makoma chifukwa cha ine. Pamenepo m'pamene manyazi enieni anandigwira. Ndinayamba kuvula epuloni ndekha, ndikuganiza zimene ndikauze mwana pofika kunyumba dzuwa lili pamutu.

"Ndikufuna munthu amene amafunsa," anatero madamu. "Ukanangondiimbira hafu naini."

"Zoona, madamu."

"Msiye," anatero madala. "Wantchito amene analipo poyamba ankandisesa mapazi ndikupemphera. Uyu wathamangitsa takisi." Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu anga. "Kuyambira mawa ukandipeza choncho, undigwedeze. Ngati ndikupemphera ndikukhululukira ine. Ngati ndikugona akuyamikira mwana wangayu."

Madamu anapuma mozama n'kunena kuti andiwonjezera sabata ina yondiyesa. Ndinamanganso epuloni, ndinakatsegulira galu, ndinayatsa makina ochapira.

Madzulo ndinawauza bambo a Chisomo. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati mwina a ku Sri Lanka ndi mpingo wina.

Lachisanu, nthawi ya mankhwala, ndinawapezanso madala pa khushoni, maso otseka. Sindinazengereze. Ndinawagwira phewa n'kuwagwedeza zolimba ngati mwana wochedwa kusukulu. Anatsegula maso nthawi yomweyo, opanda tulo ngakhale pang'ono.

"Lero ndinali kupemphera," anatero.

Anandikhululukira monga analonjezera. Tsopano chaka chatha, maso anawakonza, ndipo za chipembedzo cha anthu ndimafunsa eni ake. Koma kusiyanitsa pemphero ndi tulo ta madala, kumeneko ndikulepherabe. Ndimangogwedeza, iwo amandiuza pambuyo.