Tsiku Limene Ndinamenya Mpira wa Moto

Chala changa chachikulu cha kuphazi lamanja chilibe chikhadabo cholongosoka mpaka lero. Anthu akafunsa ndimati ndinavulala ku mpira, ndipo si bodza kwenikweni. Chimene sindinena n'chakuti mpirawo unali khala la moto, bwalo lake linali kuseri kwa nyumba yanga ku Kasanda, komboni yathu mu tauni ya Kabwe, ndipo woonerera anali mmodzi yekha, wa zaka khumi.

Woonererayo ndi Taonga, mwana wanga wamkazi. Amalume ake a ku Lusaka anamusiyira kamakina ka masewera, kaja kogwira m'manja, kagalasi pakati, mabatani m'mbali. M'masewera akewo munthu umayendayenda m'tchire kugwira tizilombo, kutiweta, kenako n'kumatimenyanitsa ndi ta anzako. Taonga anali nato tambirimbiri, koma mtima wake unali pa kamodzi: kalulu woyera wa miyendo yofiira, woyenda choimirira ngati munthu, wothamanga osatopa. Kalulu ameneyu akafuna kugwetsa mdani amatola kamwala ndi phazi, kukadumphitsa kangapo mpaka kayake moto, n'kukamenya shoti imodzi yokha. Mdani uja basi, wagona.

Tsono ine ndinali katswiri wa mpira. Ndinkavala nambala naini mu timu ya m'komboni mwathu, masiku amene mgodi wa kuno unali utangotsekedwa ndipo anyamata tinalibe chochita china. (Amene anandiona ndikusewera ambiri anasamuka, ndiye mungondikhulupirira.) Taonga anakulira nkhani za zigoli zanga. Ankakhala pabondo panga madzulo n'kumati, "Dadi, kambani futi ija ya mutu." Koma chibwerereni kamakina kaja, palibe anafunsanso za chigoli cha mutu. Ndinene zoona, ndinachita nsanje. Munthu wamkulu, wa imvi m'ndevu, kuchitira nsanje kalulu wa m'galasi.

Zimene ndikufotokozazi zinachitika Loweruka, mawa lake Taonga akukalandira Ukaristia koyamba. M'mawa wa Lowerukalo iye ndi anzake anali atakalapa koyamba kwa abambo ansembe, ndipo anabwerako akuyenda mosamala ngati wasenza mazira. Diresi loyera loti akavale silinali la kusitolo. Analisoka apongozi anga, malemu amayi ake a mkazi wanga, ku Katete, pamanja. Mkazi wanga analandirira Ukaristia m'diresi lomwelo, mng'ono wake chimodzimodzi, kenako linagona m'sutikesi zaka zonsezi kudikira Taonga. Ine sindinkaloledwa ngakhale kulinunkhiza.

Masana amake Taonga analichapa, kuliyanika pachingwe kuseri, n'kuwaza madzi pabwalo ponse kuti fumbi lisabuke. (Fumbi la kuno lili ndi mtovu wa ku mgodi, ndipo kwathu limaopedwa kuposa njoka.) Atatero anamanga chitenje kuti akakongoletse tchalitchi ndi amayi anzake.

"Bashi Taonga, nchito yanu ni imozi chabe," anandiuza ali pakhomo. "Diresi ikauma, muingenise mu nyumba. Na binzi pa mbaula muziyang'anako."

Zinali ntchito ziwiri, koma sindinatsutse.

Ndinakhala pampando pafupi ndi mbaula, nyemba zikubwata, Taonga ali pamkeka ndi kamakina kake. Posakhalitsa anandisendezera galasi kumaso.

"Dadi, onani. Uyu kalulu achaya bola kupambana imwe."

"Uyo achaya kamwala chabe," ndinayankha. "Ise tinali kuchaya bola ya mapepala, yolema na mvula, kulibe na nsapato."

"Koma yake iyaka moto, Dadi. Yanu inali kuyaka?"

Munthu wanzeru akanaseka n'kuvundula nyemba. Ine ndinadzuka, kutola kamwala, n'kukadumphitsa paphazi nditavala patapata. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi. Taonga anaika kamakina pansi n'kuwomba m'manja. Miyezi ingapo inali itadutsa mwanayu asanandiyang'ane choncho. Apa ndiye panali posiyira.

"Mwayesako," anatero. "Koma moto ulibe."

Maso anga anapita pa mbaula.

Musandiweruze msanga, chifukwa ndinaganiza ndithu. Kuyambira ndili mwana ndakhala ndikuona amayi akutola khala la moto ndi zala kukayatsira mbaula ina, osapsa. Chinsinsi chake n'kufulumira basi. Tsono ngati zala za amayi zimatha, phazi la nambala naini lingalephere bwanji? Ndinatenga supuni, kusuntha poto pang'ono, n'kusankha khala lofiira bwino, lalikulu ngati ndimu.

"Dadi, mami anakamba kuti tisasobele pafupi na diresi."

"Mami wako sanachayepo bola. Iwe penya chabe."

Ndinaliponya m'mwamba pang'ono. Koyamba linagunda pamwamba pa phazi n'kudumpha, timoto tikuthetheka mokongola ngati m'galasi muja. Kachiwiri chimodzimodzi, ndipo ndinamva Taonga akukoka mpweya. Kachitatu linatsetsereka n'kulowa pakati pa chala chachikulu ndi patapata, n'kukakamira pamenepo, chifukwa patapata ndi mphira ndipo mphira umasungunuka. Mfundo imeneyi amayi aja sanandiuze. Komanso kalulu uja savala patapata.

Zimene ndinafuula sindingazilembe pano. Ndinaponya mwendo ndi mphamvu zonse zimene ndinasunga chisiyireni mpira. Patapata anauluka n'kukatera padenga. Khala linanyamuka lokha, linakhota m'malere mwaukatswiri, kudutsa mabulangete awiri amene anali pachingwe chomwecho osawakhudza, n'kukalowa pamimba penipeni pa diresi. M'moyo wanga wonse sindinamenyepo shoti yokongola choncho.

Nsalu inayamba kufuka. Ndinadumphira beseni limene linali pafupi n'kukhuthulira madzi onse pa diresi. Moto unazima, inde. Koma linali beseni lonyikamo mapoto, ndipo madzi ake anali bii ndi mwaye. Pachingwe panalendewera chinthu chotuwa, chodontha, chokhala ndi bowo loti nkhonya ya mwana n'kulowa.

Taonga sanakuwe. Anangoima, manja ali lende, misozi ikutsika mwakachetechete. Apa nthabwala zinandithera. Mwanayu anaphunzira katekisimu zaka ziwiri kudikira tsiku limeneli, ndipo sabata yonse ankayesa diresilo pagalasi amake akatuluka.

Ndinagwada pamaso pake, chala chikuwawa ngati achimenya ndi hamala.

"Usalile, mwana wanga. Tizakonza. Amako bakafunsa, tizakamba kuti mphepo inanyamula kamoto pa mbaula."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero chachilendo.

"Dadi, nalapa lelo. Ba katekisiti banakamba kuti tisachimwe mpaka tikalandile. Nikanama boza, sinizalandila."

"Si boza maningi. Kamphepo kanaliko pang'ono."

"Dadi."

"Chabwino, iwe ukhale chabe zii. Nizakamba ine."

"Mukanama ine nili zii, ninshi nathandizila."

Ndinakhala pansi m'matope. Masiku onse a pachaka mwana akhoza kuthandiza bambo ake kabodza kakang'ono, koma ine ndinasankha tsiku lokhalo limene mwana wanga anali woyera kuposa munthu aliyense mu Kasanda.

Ndinatsuka diresi ndi sopo mpaka mwaye unachoka, koma bowo silichoka ndi sopo. Ndinalikulunga lili lonyowa m'pepala lapulasitiki, kukweza Taonga pakaliyala, n'kupalasa njinga kulowera ku Bwacha, phazi limodzi patapata, lina lopanda kanthu. Matelala ku Kasanda aliko, koma onse amamudziwa mkazi wanga. Ndinaganiza kuti ku Bwacha n'kutali, ndikapeza mlendo wosoka mosafunsa mafunso.

Ndinaima pa kashopu koyamba kamene ndinamva makina akulira. Munali mayi wonenepa wa magalasi, ndi amayi ena atatu pabenchi akudikira zovala zawo. Ndinafunyulula diresi modzichepetsa. Mayiyo analitembenuza, kuyang'ana mpendero, n'kutsitsa magalasi.

"Iyi si diresi ya bamake Taonga? Nine ninafupikisa mpendelo sabata yatha."

Anali bana Mulenga, ndiye kuti amake Mulenga, amene amaimba kwaya limodzi ndi mkazi wanga pa misonkhano ya amayi. Mu Kabwe monse muli matelala osawerengeka, ine ndinapalasa mtunda wonsewo ndi chala chakupsa kudzadzipereka kwa ameneyu.

"Chachitika ni chani, mwana wanga?" Sanafunse ine, anafunsa Taonga.

Ndipo Taonga, poti anali atalapa, anafotokoza zonse. Za kamwala, za supuni, za patapata ali padenga. Anatulutsa ndi kamakina komwe kuti amayiwo aone mmene kaluluyo amachitira. Amayi anayi anaunjikana pa kagalasi, kalulu anamenya mpira wake wa moto, kenako onse anatembenuka n'kuyang'ana phazi langa. Mmodzi anatuluka panja kuti akaseke bwino.

"Iyi nyula sinigwila mwine wake asanaone," anatero bana Mulenga, foni ili kale kukhutu.

Amake Taonga anafika pa minibasi, m'tsitsi muli timasamba ta maluwa a kutchalitchi. Ndinali nditakonzeka kukalipiridwa, ndipo ndikanakonda akanakalipa. Iye anangotenga diresi, kukhala pabenchi, n'kumayendetsa chala m'mbali mwa bowo, pamene ulusi wakale unathera.

"Apa amama banasoka na manja," anatero motsitsa mawu. "Makina banalibe."

Sindinachitepo manyazi ngati amene ndinachita pamenepo. Ndinati pepani, ndipo kanali koyamba tsiku limenelo kunena chinthu chanzeru.

Kenako anatembenuza diresi n'kugwira lamba wake wakumbuyo, wautali uja womanga ngati gulugufe. Nsalu yake inali yomweyo. Anagwirizana ndi bana Mulenga kuti adule mbali ya lambayo, atseke bowo, pamwamba pake apange duwa. Bana Mulenga anafuna kupondaponda pa makina, koma mkazi wanga anakana. Anapempha singano, nati asoka yekha pamanja.

Ine ndinafunsa ngati pali chimene ndingathandize.

"Chiliko," anayankha osadzutsa mutu. "Abambo bakali kulapisa mpaka faifi. Njinga muli nayo."

Ndinapita. Ndinakhala pamzere ndi ana asanu amene anachedwa kulapa m'mawa, mawondo anga akugunda benchi lakutsogolo. Wansembe wake anali wachinyamata, wa aja anadutsira ku seminale ya Mpima chaposachedwa. Nditafotokoza tchimo langa, kuseri kwa katani kunamveka kutsokomola kokayikitsa. (Chimene anandifunsa pambuyo pake ndikhoza kuulula, poti chinsinsi chimamanga iwo, osati ine. Anafunsa kuti ndinalidumphitsa kangati lisanagwe. Ndinati kawiri ndi theka.) Nditafika kunyumba ndinapeza nyemba zitasanduka makala, poto ndi chivundikiro chomwe.

Lamulungu Taonga analowa m'tchalitchi pamzere wa ana, manja ali pachifuwa, duwa loyera lili pamimba ngati linasokedwa ku Katete komweko. Ine ndinali pabenchi lakumbuyo, suti yathunthu, phazi lamanzere nsapato yopolishidwa, lamanja bandeji ndi patapata wobwereka. Atafika kutsogolo n'kutambasula manja ake aang'onowo, ndinalira. Mayi amene ndinakhala naye pafupi anaganiza kuti ndi chala, anandipatsa mpata woti nditambasule mwendo.

Titabwerera kunyumba, alendo akudya, Taonga anabwera kudzakhala pambali panga ndi kamakina kake. Anandionetsa kuti m'masewerawo munthu ukhoza kupatsa kachilombo kako dzina limene ukufuna. Pamwamba pa mutu wa kalulu uja panali palembedwa kuti Dadi.

Chifuwa changa chinatukuka. Ndinakonza kolala.

"Waona manje kuti tichaya chimozimozi?"

"Iyayi," anatero. "Ni chifukwa nayeve nthawi zina amaphonya. Akaphonya nimakalipa, koma sinimufufuta. Ni wanga."

Ndinangoyang'ana kudenga, kumene patapata wanga anali akadali, mpaka maso anauma.

Kuyambira tsiku limenelo nyemba amandisiyirabe, koma supuni amapita nayo. Diresi linabwerera m'sutikesi, ndipo kiyi wake sindidziwa kumene amakhala. Phunziro ndinalimva, ndipo sindidzabwerezanso. Kungoti pakati pa ine ndi inu, Taonga analakwitsa pang'ono. Ine sindinaphonye. Mabulangete awiri anali pamenepo ngati otchinga kumbuyo, ndipo onse ndinawadutsa.