Tsiku lomwe ndinapatulira kompyuta

Mdzukulu wanga woyamba ndinamuona ndi makutu, ndipo wolakwa ndine ndemwe.

Chipumireni ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndimakhala ndekha kuno ku Kasenengwa. Mayi a kunyumba anatisiya, ana anabalalika. Masiku ena ndimazindikira madzulo kuti chichereni ndalankhula ndi nkhuku zokha (nazonso sizikhalitsa ukazifotokozera za feteleza). Mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa ku Kitwe, anaona zimenezi nandisiyira laputopu yakale ya Linux kuti tizionana Lamulungu masana. Mabatani ake anafa kale, ndiye ndinkalumikiza kiyibodi ya chingwe.

Mkamwini wanga, katswiri wa makompyuta, anandiphunzitsa pang'ono. Anati mtima wa kompyuta ndi kenelo, ndipo keneloyo ili ndi tiantchito totchedwa mamojulo: kena ka kamera, kena ka mawu, kena ka intaneti. Anandionetsanso lamulo lotionera tonse, lsmod. Apa ndi pomwe anapatsa mwana mpeni.

Mwana wanga anachira Lachinayi, mvula ili pakati. "Atate, Sande mudzamuona," anatero pa kafoni kanga ka mabatani. Ndinasesa nyumba yonse, ngakhale kuseri kwa chitseko komwe kamera sifika. Kenako ndinakumbukira kuti chithunzi chimakonda kuima, munthu n'kutsala kukamwa kuli yasa. Ndinati ayi, mdzukulu wanga asandione choncho.

Nditalemba lsmod panatuluka mzere wautali wa mayina, ndipo ambiri kumapeto anali ndi ziro. Diso la mlangizi linaona zomwe linazolowera: chimanga chothithikana pa phando. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukalipira alimi kuti azipatulira. Wa ziro ndiye kuti palibe akumufuna, akungodya chakudya cha anzake, n'chifukwa chake chithunzi chimaima. Ndinayamba kuzula mmodzimmodzi, mluzu uli pakamwa.

Nditazimitsa n'kuyatsanso, onse anali atabwerera ngati kaufiti. Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu n'kukaphika tiyi. Ine ndinapsa mtima. Ndinafufuza pa intaneti momwe ungaletsere mojulo kuti isadzukenso, ndipo ndinapeza kuti umalemba dzina lake m'fayilo ya oletsedwa. Ndinalembamo a ziro onse (mosamala kwambiri, osaphonya chilembo), n'kuyatsanso.

Inayaka bwinobwino, n'kundipempha mawu achinsinsi. Ndinadina. Zii. Ndinazula chingwe, kuuzira, kubwezera. Zii. Mojulo ya kiyibodi nayo inali ya ziro. Ndinali nditadzitsekera kunja, kiyi ndili naye m'manja. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna womuuza, koma m'nyumbamo munali ine ndi mpando wa malemu.

Kuimbira mkamwini nkhani yochititsa manyazi si chinthu chapafupi. Ndinazengereza mpaka Lamulungu lenilenilo, n'kumuimbira malaya oyera nditavala kale.

"Atate, mwachita bwanji kansi?" anafunsa mwaulemu. Ndinafotokoza zonse. Ndinamva kuti akumeza chiseko.

"Pepani Atate, ziro ija sitanthauza kuti ni waulesi iyai. Itanthauza chabe kuti kulibe mojulo inzake yamene yamutsamira. Agwira nchito yake ali yekha. Manje mwachotsa kamera, mawu, intaneti, vonse. Iyo ifunika munthu aigwire na manja, muipereke ku Chipata."

Mawu akuti agwira ntchito ali yekha anandilasa mtima, chifukwa nanenso ukanandilembera lsmod ukanapeza ziro.

Mwana wanga anatenga foni. "Atate, osadandaula. Mverani." Anaiika pafupi ndi khandalo, ndipo linalira mokalipa ngati lamva zomwe agogo ake achita.

"Afanana ndi ndani?" ndinafunsa.

"Makutu ni yanu. Mphuno ni ya amama."

Ndinakhala pa mpando, malaya oyera, nyumba yosesa, kafoni kali kukhutu, misozi ikutsika. Ndinasangalala, komanso ndinasungulumwa kuposa masiku onse.

Lolemba laputopu inakwera minibasi ya ku Chipata itakulungidwa m'chitenje. Ine ndinalowa m'munda kukapatulira chimanga chenicheni. Kumapeto kwa mzere ndinapeza kachimanga konyozeka, kachikasu, kali kokhakokha pa phando. Kale ndikanakazula n'kubzalapo china. Ndinakaunjikira dothi.