A Mervyn ndi pulogalamu yopanda mawu

M'tauni yathu yonse ya Burnie munalibe munthu wosadziwa kuti a Mervyn Tuckwell sankaika m'kompyuta pulogalamu yopangidwa kale. Enafe timangodina kamodzi, basi yalowa. Iwo ayi. Ankatenga malemba amene eni pulogalamuyo analemba, n'kuuza kompyuta kuti iimange kuyambira pansi, iwo ali pambali kuyang'ana mizere ikuthamanga ngati akuonera mpira.

"Mungadye soseji musakudziwa zimene aikamo?" ankatero.

"Timadya tsiku lililonse, bambo inu."

Kutchalitchi anadzipereka kumanga pulogalamu yosindikizira nyimbo za Khirisimasi. Inatha mu Febuluwale.

Ndiye mdzukulu wanga Imogen, namwino ameneyo, woyamba m'banja mwathu kufika ku yunivesite, anabereka mwana wamkazi ku Perth. Ine dokotala anali atandiletsa kukwera ndege chifukwa cha mtima. Ndinati mwanayo ndimuone ngakhale pakompyuta, n'kuitana a Mervyn kuti andiikire pulogalamu yoonerana, poti nyumba zathu zinali zoyandikana.

"Ola limodzi lokha, a Noeleen."

Limenelo linali Lolemba. Pofika masana kompyuta inaima, akuti ikufuna kachidutswa kena. Kachidutswako kankafunanso kanzake, kanzakeko n'kufuna abale ake atatu. Lachitatu n'kuti atamaliza masikono anga onse, ndi jamu yemwe.

"Bambo inu, mwana uja ayamba sukulu ndisanamuone!"

"Musaikalipire, imamva."

"Sindikukalipira iyo, ndikukalipira inu!"

Lachisanu m'mawa nkhope ya Imogen inatulukira, khanda lili m'manja. Mphuno yake ya malemu amuna anga ndithu, wina asanditsutse. Mwanayo anayasamula kakamwa, nkhope psuu, kulira ndi mphamvu zonse. Koma kwathu kuno zii.

A Mervyn anakanda dazi. "Ndinaiwala kuiuza za mawu poyamba paja. Tigumule, tiyambirenso."

"Mukangokhudza batani limodzi, zala zimenezo ndithyola."

Ndinaimba foni ku Perth. Maso pakompyuta, khutu pafoni, ndinamumva mdzukulutuvi wanga akulira. Pocheuka ndinapeza nkhalamba ija ikupukuta misozi ndi nsalu yanga yopukutira mbale.

A Mervyn anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira, mawu aja asanawakonze, poti sindinawalole. Masiku ano kompyuta ikavuta mumsewu mwathu, wokonza amatha tiyi asanapse, n'kupita osafunsa ngakhale za ana. Palibenso wobwera kudzakhala sabata yathunthu pakhomo pa munthu.

Imogen amati, "Agogo, ingoikani ina, n'zosavuta." Ndimakana. Lamlungu lililonse ndimayatsa ya a Mervyn yomweyo. Mwana uja tsopano ali ndi zaka zitatu, ndipo akangoona nkhope yanga amathamanga yekha kukatenga foni ya amayi ake. Amadziwa kuti agogo a ku Burnie amaoneka pagalasi, koma amamvekera kukhutu.