Tchati changa cha khansa ya m'magazi

Lolemba

Ndadzipereka ndekha, popanda wondikakamiza! Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa ndiphunzitsa madokotala ndi anamwino a pachipatala pathu pano mitundu ya khansa ya m'magazi, yothamanga ija. Zaka zonsezi mu labu muno amandidziwa ngati munthu wa malungo ndi chimbudzi. Sabata ino andidziwa bwino.

Nkhani yake ndi yosavuta. Maselo oyera a magazi amachulukana asanakhwime, ndipo pali mabanja awiri: la mayeloidi, kuyambira M0 mpaka M7, ndi la limfoidi, L1 mpaka L3. Ndijambula onse pa tchati chachikulu.

Zofunika: mapepala aakulu, zolembera zamitundu, buku la a Mayi Kachingwe, malaya oyera osita bwino.

A Mayi Kachingwe, akulu a labu yathu, andibwereka bukulo osafunsa zambiri. Angoti, "Mujambule zimene mwaona, osati zimene mwawerenga." Ndavomera ngati ndamva.

Lachiwiri

Ndikujambula pakhomo nditaweruka. L1: timaselo tating'ono, phata lake la pakati lodzaza selo lonse. M5: phata lopindika. L3: wabuluu kwambiri, wa timabowo.

Mayi a kunyumba akuti M5 ndi nyemba. Tadala, mwana wathu wa Sitandade 6, akuti L3 ndi chigumu chodyedwa ndi nyerere. Chowawa n'chakuti onse awiri akunena zoona.

M1, M2 ndi L2 akufanana ngati ana a mimba imodzi. Buku likuti pamafunika utoto wapadera kuti uwasiyanitse. Utoto umenewo ife tilibe, ndipo chiyambire ntchito sindinauonepo.

Lachitatu

Cholembera chapepo chauma. Pa ntchito ya magaziyi chilichonse n'chapepo! Ndayenda Madisi yense. Chofiira chilipo, chobiriwira chilipo, chapepo akuti mwina sabata ya mawa.

Nzeru zabwera: jivi, mankhwala apepo opaka pa zilonda aja. Ndapempha pang'ono ku wodi, ndikupaka ndi thonje.

Zotsatira zake: M2 wathimbirira mpaka kulowa mwa M3, tebulo la mayi lapepo, zala zanga zapepo, malaya oyera aja alinso ndi M6 pathumba.

Nditabwerera ku labu, a Mayi Kachingwe ayang'ana zala zanga, kenako nkhope yanga, n'kubwerera pa maikulosikopu awo. Munthu ameneyu amatha kukhala chete mpaka iwe n'kudziweruza wekha.

Lachinayi

Lero tchati sindinachigwire.

M'mawa kwabwera mayi wachitsikana wa kufupi ndi Malomo, amuna ake amubweretsa pa njinga yamoto. Nkhama zikutuluka magazi osaleka, thupi lonse mabala akuda ngati wamenyedwa. Anamwino ayamba kale kuwayang'ana moipa bambowo. Bambowo akungobwereza kuti sanamukhudzepo, ndipo ali ndi khanda kunyumba.

Malungo palibe. Magazi ndi ochepa kwambiri, timaselo toundanitsa magazi tatsala pang'ono kutheratu. Ndapaka dontho pa kagalasi, ndathira utoto, ndayang'ana. Maselo osakhwima! Ndikuchita manyazi kulemba kuti mbali ina ndinakondwa. Ndalengeza kuti ndi M2.

A Mayi Kachingwe akhala pansi. Akuyendetsa kagalasi pang'onopang'ono mpaka kumapeto kumene magazi apyapyala. Kenako andikodola.

"Onani selo la kumanzereko. Mukuonamo chiyani?"

Timadontho tambirimbiri. Ndipo pakati pake timitengo tofiira, osati kamodzi ayi, tambiri, tosanjikizana ngati mtolo wa nkhuni.

"Ndikuganiza kuti ndi M3," atero. "Mtundu umenewu umapha ndi kutaya magazi, koma ukaugwira msanga umamva mankhwala. Asagone pano."

Zimene zatsatira ndikuzilemba kuti ndisadzaiwale. Apita okha kwa dokotala atanyamula kagalasi m'manja. Ayesa kaundanidwe ka magazi, kapezeka kosokonekera monga amayembekezera. Aimbira chipatala chachikulu ku Lilongwe, awauza kuti maso athu akungoloza njira, makina a kumeneko ndiwo atsimikize poyeza zizindikiro za pa maselo. Atauzidwa kuti ambulansi ipita mawa, aima pakhomo pa ofesi ya akuluakulu osasuntha mpaka kiyi wa ambulansiyo watuluka. Adutsanso ku wodi kukauza anamwino, pamaso pa bambo aja, kuti mabalawo ndi a matenda, si a chibakera. Bambowo akhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Ambulansi yanyamuka dzuwa lisanapendeke, botolo la magazi likulendewera.

Lachisanu

Tsiku langa. Malaya obwereka kwa mlamu, tchati chokulunga m'khwapa.

Msonkhano wonse ukukamba za mayi wa dzulo. Dokotala apempha a Mayi Kachingwe kuti afotokoze. Alibe pepala, alibe tchati. Akungoti poyamba funsa ngati maselo ndi osakhwima, kenako funsa banja lake, ndipo chinthu chimodzi chimene sungadikire nacho Lilongwe ndi mtolo wa nkhuni. Ngakhale mzamba amene amagona pa misonkhano yonse ali maso.

Pomaliza akuti, "Anzathuwa ndiwo anayamba kuona maselo osakhwima, ndipo atikonzera zithunzi. Tationetsani M3."

Ndatambasula. M3 wanga ndi chibanthu chapepo chokhala ngati biringanya. Nkhuni mulibe ndi imodzi yomwe. Wina kumbuyo wafunsa ngati chimenecho ndi selo kapena chilonda. Nthawi yatha, anthu athamangira ku mawodi.

Loweruka

Ndikuchapa malaya. Jivi sachoka.

Tchati chapita. Mayi a kunyumba ayala M0 mpaka M4 pansi poyanika chigwada, Tadala wakutira makope ake ndi banja lonse la limfoidi. Sindinadandaule. Akuti mapepala ake ndi olimba bwino.

Lamulungu

Tikutuluka m'tchalitchi, a Mayi Kachingwe andiimitsa pansi pa mtengo wa mbawa. Alandira foni kuchokera ku Lilongwe. Ndi M3 ndithu. Mankhwala anayamba usiku womwewo, nkhama zasiya kutuluka magazi. Akuti ngozi sinathe, masabata akubwerawa ndi ovuta, koma mayiyo wadya phala ndipo akufunsa za mwana wake.

Ndawauza kuti ndi iwo amene amupulumutsa. Ayankha kuti amene anapaka kagalasi kaja anapaka bwino, kopyapyala kumapeto, n'kupita kukapereka moni kwa abusa.

Ndiye nditawerengera bwino, pa mitundu yonse ija ndikudziwa umodzi wokha ndi maso anga. Phunziro langa aliika "tsiku lina", ndipo palibe wafunsa kuti liti. Mawa ndili pa benchi ya malungo ndi chimbudzi. Timabotolo ta Loweruka tikundidikira kale.