Mkuwa si chinangwa

Nkhaniyi ndinangoilemba m'kope langa la zinsinsi, ngakhale amayi sadziwa chimene chinadya wailesi ya achimwene.

Achimwene asanapite kumigodi ku Joni, ankandipangira wailesi kwathu ku Nkope. Anasiya kabolodi kokutidwa ndi mkuwa mbali imodzi, atajambulapo mizere ndi kyuteksi wopaka zikhadabo, komanso botolo la mankhwala ofiirira. Anati mankhwalawo amadya mkuwa wapoyera n'kusiya mizere, momwe mumayenda magetsi.

"Ukapite nazo kwa Che Saidi okonza mawailesi ku boma, akamalize," anatero pokwera lole.

Ine kulankhula ndi Che Saidi? (Ngakhale kugule wa chipani kusukulu ndinkabisala kumbuyo kwa anzanga aatali.) Kabolodiko ndinkangokasisita, kulondola ndi chala momwe munadutsa dzanja la achimwene. Patapita miyezi ndinati, mankhwalawo ndithira ndekha.

Vuto linali nthawi. Ndinayeza ndi rula m'mbali mwa kabolodi, n'kupeza mamilimita pafupifupi awiri, ndipo ndinalemba mosamala kuti mkuwa ndi wokhuthala chotero. Kenako ndinaganiza: chinangwa amayi amaviika masiku atatu, nanga mkuwa, chitsulo chenicheni? Ndinaviika Lolemba m'kabeseni, ndinavundukula Lachisanu.

Kabolodi kanatuluka mbee. Mzere ngakhale umodzi. Tizidutswa ta kyuteksi tinkangoyandama pamwamba.

Tsopano kwa Che Saidi ndinapita.

"Masiku angati, mwanangu?"

"Anayi."

"Subhanallah! Umafuna kusinja ufa?" Nditawauza za mamilimita awiri aja, anapala kabolodi kena ndi mpeni n'kundionetsa. "Wayeza thabwa lonse iwe. Mkuwawo ndi aka, ngati khungu la anyezi. Umaviika, umamwa tiyi, umavuula. Ukachedwa, mankhwala amalowa kunsi kwa mizere."

"Simungajambulenso?"

"Zinali m'mutu mwa achimwene akowo. Ine ndilowamo bwanji?"

Kalata yovomera mlandu kwa achimwene ndinailemba kasanu, yachisanuyo ndiyo ndinaponya. Miyezi iwiri ndinkazungulira pa positi ofesi ngati ndataya ndolo, ndikuopa kuti akwiya ndipo salembanso.

Yankho linabwera lalifupi. "Mlongo wanga, anzanga kuno aseka mpaka misozi. Ndikamaliza kontirakiti ndibwera tidzajambule ina. Usakhudze chilichonse."

Ndinawerenga mawu akuti "ndibwera" mpaka pepala linafewa. Ndikudziwa kuti ndinayenera kuphunzirapo kufunsa. Koma chikhala kuti achimwene anasiya kabolodi kachiwiri, bwenzi nditakaviika tsiku lomwelo, mwina akanafulumira kubwera.